Sipanala Namba Teni

Swadick anatuluka m'shedi yokonzera ndege 11 koloko usiku itakwana kale, mtima uli m'mwamba ngati munthu amene wamenyedwa mbama pagulu. Akabaza onse anali atapita. Foni inali itazima kalekale. Kwawo kunali mtunda wa ola lathunthu, ndipo njira yachidule inali imodzi yokha, yodutsa m'mbali mwa manda kumapeto kwa bwalo la ndege.

Koma mtunda sunkamuwawa. Chinkamuwawa n'chakuti anali atasaina.

Kampani yawo inkakonza ndege zing'onozing'ono za makampani ena, zonyamula anthu pakati pa Mangochi, Likoma ndi Lilongwe. M'shedimo munali bolodi lalikulu la zida, chida chilichonse chili ndi malo ake ojambulidwa ndi penti yofiira. Lamulo lake linali losavuta, loti ngakhale mwana wa sitandade wani akhoza kulimva: ndege siituluka mpaka zida zonse zitabwerera pabolodi. Tsiku limenelo sipanala namba teni sinabwerere.

Anaifufuza maola atatu. M'mabokosi, m'matumba a ovolosi, kuzungulira injini, ngakhale m'bini momwe. Mayi Dorika, mkulu wa amakaniko onse, ankangopita uku ndi uku foni ili kukhutu, eni ndege akuwalalatira kuchokera ku Lilongwe. Ndegeyo inkayenera kunyamuka 6 koloko m'mawa ndi anthu khumi ndi awiri.

"Inu a Swadick, masipanala amabedwa tsiku ndi tsiku," anatero mayiwo pamapeto pake. "Mawa mukaipeza pamsika, wina akukonzera njinga. Sainani tizipita. Ngati ntchito yakukwanani nenani, ofuna ntchito ali mbwee pageti."

Ndiye Swadick, amene kwa zaka zisanu ndi zinayi ankadziguguda pachifuwa kuti sasainira chinthu chimene sanachione ndi maso ake, anatenga bolopeni n'kusaina kuti ndegeyo ili bwino. Kulimba mtima konse kuja kunathera pomwepo.

Tsopano m'njira muja ndi mmene pakamwa panatseguka. Ankayankha mayi Dorika mokweza, mawu onse okhwima amene anamusowa m'shedi akubwera okha, koma omvera ake anali mitengo ya migwalangwa. Anapunthwa pamwala, n'kutukwana mwalawo. Anatukwana akabaza ogona msanga, eni ndege, ndi amene anapanga sipanala yaing'ono chotero. Kunena zoona ankadzinyansa yekha, ndipo palibe mkwiyo wotopetsa ngati umenewo.

Atayandikira manda anakhala chete. Munthu angakwiye bwanji, pamanda samadutsa akulongolola.

Ngwee...

Anaima. Chitsulo chinali chitagunda chitsulo chinzake, penapake kumbuyo kwake. Anacheuka. Kunalibe munthu.

Anayambanso kuyenda, mofulumirirapo.

Ngwee... ngwee...

Kenaka fungo. Ankalidziwa bwino, fungo la mafuta a ndege, longa la palafini. Koma ili linali lopserera. Tsitsi linamuima. Anayamba kunena duwa, pemphero lachisilamu, chamumtima, mawu akusokonekera.

"Mwawerenga zonse, achimwene?"

Swadick anangoti njo! Munthu anali pambali pake penipeni, ngati akhala akuyendera limodzi kuchokera kushedi. Bambo wachikulire, wamfupi, atavala ovolosi yabuluu yothetheka. Kudzanja lamanzere kunalibe zala ziwiri. M'thumba mwake zitsulo zinkagundana.

"Salaamu aleikumu," anatero Swadick, mawu akutuluka ngati a mwana.

Bamboyo sanayankhe moni. Sanamuyang'anenso. Maso ake anali kumwamba, kumene kunalibe kanthu koma mdima.

"Inenso ndinawerenga," anatero. "Inasowa imodzi. Ndinati yabedwa."

"Ndinu... ndinu ndani, bambo?"

"Sizibedwa, achimwene. Zimagona kumchira. Pamene chingwe chimadutsa pakawilo." Anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Kumwamba kulibe poimika."

Mphepo inawomba kuchokera kunyanja, yozizira. Swadick anaphethira.

Panalibe munthu!

Fungo lokha. Kenaka nalonso linatha.

Miyendo inkafuna kunyumba. Kunyumba kunali pafupi tsopano, kungodutsa mandawo basi. Koma mutu unali utagwira mawu amodzi: kumchira. M'mawa wa tsikulo anatsegula kachitseko kakang'ono kumchira kwa ndege kuti aone zingwe zowongolera, n'kukatseka asanapite kukadya. Masana onse anali pa injini. Ndipo pofufuza paja, anthu anayi athunthu, onse a mapepala awo a sukulu, anangozungulira injini ngati nkhuku pamtondo. Kumchira sikunapite munthu.

Anatembenuka. Anathamanga. Nsapato imodzi inavuka, sanaitole.

Mlonda wa pageti anatsala pang'ono kumumenya ndi chibonga. Swadick anamulanda tochi, n'kukwera pamakwerero, n'kuyamba kumasula kachitseko kaja. Tizitsulo tomangira tinalipo khumi ndi tinayi, ndipo chifukwa cha phuma tiwiri tinagwa pansi. Anasuzumira mkati, tochi ili kukamwa.

Poyamba sanaone kanthu. Zingwe, mawaya, fumbi.

Kenaka chinachake chinanyezimira...

Inali pomwepo. Sipanala namba teni, itatsamira pansi pa chingwe chimene chimakweza ndi kutsitsa mphuno ya ndege, pafupi ndi kawilo kake. Pansi pano sikanavuta. Koma ndege ikanangodzuka n'kupendekeka, ikanatsetsereka n'kukakamira pakawilopo, woyendetsa n'kumakoka chiwongolero chosayenda, anthu khumi ndi awiri ali kumbuyo kwake.

Swadick anakhala pamakwerero pomwepo, thukuta lili kamukamu. Mantha atachepa, mkwiyo uja unabwerera, ndipo ulendo uno unali ndi kolowera. Anabwereka foni ya mlonda.

Mayi Dorika anafika pagalimoto 1 koloko itadutsa, chitenje chili m'chiuno, akukalipa asanatsike n'komwe.

"Mwapenga kodi? Kundidzutsa usiku uno chifukwa cha kasipanala? Ndinakuuzani kuti..."

Swadick anawapatsa tochi n'kuwalozera makwerero. Mayiwo anakwera akung'ung'udza. Anasuzumira. Anakhala choncho nthawi yaitali, ndipo potsika anatsika ngati nkhalamba.

"Pepala lija mundibwezere," anatero Swadick. "Ndikufuna kufufuta dzina langa. Ndege iyi tiitsegula paliponse pamene tinagwira dzulo, eni ake adikire. Mukafuna kundichotsa ntchito, mundichotse mawa."

"Palibe akuchotseni." Mawu awo anali atatsika kwambiri. "Koma tandiuzani, a Swadick. Munali mutapita kale. Chakubwezani n'chiyani?"

Iye anazengereza, poopa kusekedwa. Kenaka anafotokoza zonse: manda, fungo lopserera, bambo wamfupi wa ovolosi yabuluu amene anamuuza za kumchira.

"Yabuluu?" anafunsa mayi Dorika. "Ovolosi zabuluu tinasiya kuvala kalekale, inu musanabwere."

"Analibenso zala ziwiri. Kudzanja lamanzere."

Tochi inagwa m'manja mwa mayiwo n'kugubudukira pansi pa phiko. Anafufuza pokhala, n'kukhala pamgolo wa mafuta.

"A Basil," ananong'ona. "A Basil a ku Malindi. Ndi amene anandiphunzitsa ntchito ine."

"Amakhala kufupi ndi manda kuja?"

"Ali m'manda momwemo. Chaka chino ndi cha khumi ndi chisanu." Anayang'ana kumchira kwa ndege. "Tsiku lina sipanala inasowa, mabwana ali pakhosi ngati lero. A Basil anasaina. Koma mtima sunawalole, ndiye anati akwera nawo ulendo woyesa ndegeyo, iwo ndi woyendetsa. Inagwera kumapeto kwa bwalo, ife tikuona. Ofufuza anaipeza sipanalayo kumchira, ili yakuda bii."

Mlonda anavula chipewa.

Mayi Dorika anayang'ana manja awo, misozi ikutsika osaipukuta.

"Anthu onse amadziwa kuti amene anasaina ndi a Basil," anatero. "Palibe anafunsapo kuti anaisiya kumchirako ndani. Ndinali ndi miyezi itatu yokha pantchito, a Swadick. Ndinaisiyako ndine."