Chitenje Chimene Chinakhala Chete

Chitenje cha Ndaziona chinkatha kulira. Mwana akatentha thupi ali kumbuyo, m'mphepete mwa chitenjecho munkayaka kuwala kofiira, n'kumveka kuti "tii, tii!" M'chaka cha 2074, amayi onse a ku Lizulu ankalandira zitenje zotere kusikelo.

M'nsaluyo munali kachipangizo kochepa ngati njere ya mapira, kotchedwa kafananitsi. Kanali ndi timawaya tiwiri: kena kankakhudza mimba ya mwana, kena msana wa mayi. Timawayato tinkasandutsa kutentha kukhala mphamvu ya magetsi, ndipo kafananitsi kankangoona mbali imene yaposa inzake. Mwana akaposa mayi, kankalira. Akapanda kuposa, zii.

Tsiku lina la msika Ndaziona anadzuka thupi likuphwanya. Koma tomato sadikira wodwala. Anabereka Lonjezo, khanda lake, napita kukagulitsa.

Mayi Nankhoma, ogulitsa kabichi pambali pake, anagwira kaphazi ka mwanayo.

"Amake Lonjezo, mwanayutu ndi moto!"

"Ndi dzuwali, amayi. Chitenje chili chete."

"Chitenjecho chili ndi manja?"

"Inu zanu ndi zakale, zoyeza mwana ndi tsaya," anatero Ndaziona, ndipo amayi ena anafa ndi phwete.

Masana Lonjezo anakana bere. Kenaka maso anatembenuka, thupi n'kuuma gwa! Ndaziona anangokuwa. Mayi Nankhoma omwe aja ndiwo anaitana ambulansi youluka, nasiya kabichi wawo, n'kukwera naye.

Kuchipatala namwino anathamanga ndi mwanayo. Atabwerera anayezanso mayi wake.

"Chitenjechi n'chakufa, anesi!" analira Ndaziona.

"Sichinafe, mayi. Malungo muli nawo nonse awiri, ndipo inu mukutentha ngati iye yemwe. Kafananitsi sikadziwa malungo, kamangodziwa amene waposa mnzake. Kodi lero munamugwira pamphumi?"

Ndaziona anawerama. Sanakumbukire n'komwe tsiku limene anachita zimenezo komaliza.

Dzuwa litapendeka Lonjezo anatsegula maso. Ndaziona anaika dzanja pamphumi pake, koma sanamve kanthu. Dzanjalo nalo linali moto. Anacheukira Mayi Nankhoma, amene anali chikhalire pabenchi.

"Amayi," anatero chapansipansi, osawayang'ana kumaso, "tamugwireni inuyo."

Mayi Nankhoma anaika tsaya lawo pamphumi pa mwanayo. "Wayamba kuzizira."

Apo m'pamene Ndaziona anadziwa kuti moto suyezedwa ndi moto unzake.