Batani Lomwe Silinapse

Chinthu choyamba chimene a Siu-khim anaona chinali kansalu. Maliro a amuna awo, a Kho Tek-seng, atatha, iwo anavundikira kiyibodi ya kompyuta ya malemuyo ndi kansalu koyera, n'kupisa ngodya zake pansi monga achitira munthu wadongosolo. Kutacha anapeza kansaluko katapindidwa bwinobwino, kali kumanzere kwa tebulo, pomwe a Tek-seng ankaika magalasi awo. M'nyumbamo ankakhala okha. Anavundikiranso, osauza munthu.

A Tek-seng anaphunzira kompyuta atakalamba kale, pa maphunziro a achikulire amene ankachitikira m'holo ya kachisi wa m'dera lawo mumzinda wa Tainan. Ankapitira limodzi ndi a Giok-lan, mayi wamasiye wa nyumba yoyang'anizana ndi yawo, m'kanjira kopanikiza komwe munthu akatsokomola kuno, a tsidya linalo amafunsa ngati wamwa mankhwala. A Siu-khim anakana kupita nawo. Ankati zimenezo n'za ana.

"Batani lililonse lili ndi ntchito yake, mayi," anatero a Tek-seng tsiku lina, akuloza ndi chala. "Ang'onoang'onowa ndi zilembo. Lalitali la m'munsili limasiya mpata pakati pa mawu. Ili la pamwamba kumanja limafufuta ukalakwitsa. Koma bwana wa onse ndi lalikululi. Ukangolidina, zimene walembazo zapita, sizibwereranso."

"Zapita kwa yani?"

"Kwa anzathu a m'kalasi. Mwayambatu inu."

A Siu-khim sanakhudzepo kiyibodiyo, koma anaidziwa ndi makutu. Ali kukhitchini madzulo, ankamva zilembo zikulira ngati mvula yowaza pamalata, lalitali likuyankha ndi mawu akuya, lofufutira likugogoda msangamsanga pamalo amodzi. Pomaliza pake a Tek-seng ankamenya lalikulu lija ndi chala chapakati, kho! Ndipo kasanapite kanthawi, tsidya la kanjirako foni ya a Giok-lan inkalira, ting! A Siu-khim sanafunsenso. Anangozisunga mumtima, ndipo zinthu zosungidwa motero siziwola, zimamera.

Pa maliro, mwana wawo Bun-hiong anagula katundu wa pepala wotenthera bambo ake kuti akamupeze kumene apita: nyumba, galimoto, ndi kompyuta. A Phoa, amene amapanga katundu wotereyu, ndi mmisiri wosamala. Mabatani a kiyibodi ya pepalayo anawamata limodzilimodzi, lililonse pamalo pake. Anthu atatuluka kukadya, a Siu-khim anatsala okha ndi katunduyo. Anayang'ana kumanja kwa kiyibodi, anapisa chikhadabo, n'kumatula batani lalikulu lija.

"Lembani mmene mungathere, bambo," ananong'ona. "Koma sizipita."

Moto unanyeketsa zonse, palibe anaona kuti pali chosowa. Kabatani ka pepalako anakabisa m'bokosi la singano ndi ulusi, kuchipinda kwawo.

Usiku wotsatira tsiku la kansalu lija, anadzidzimuka kutulo. Kanjira kanali zii, njinga zamoto zitasiya kudutsa, mdima wa m'nyumba uli bii kupatula kanyali kofiira ka paguwa la makolo, kamene kuwala kwake kankalowa pansi pa chitseko ngati kamzere ka magazi. Kenaka anamva mvula ya zilembo ija. Inali yapang'onopang'ono, ya munthu wofunafuna chilembo ndi chala chimodzi. Lalitali linalira. Zilembo zinanso. Ndiye panakhala chete, chete wa pamalo pomwe kho uja ankabwera. A Siu-khim anatchera khutu. Kho sanabwere. M'malo mwake lofufutira linayamba kugogoda, kugogoda, mpaka zonse zitatha. Kenaka mvula inayambiranso.

Kutacha anapeza kansalu katapindidwa. Chingwe cha kompyuta chinali chikadali pansi, pomwe anachisiya atachizula kukhoma tsiku la maliro.

Zinapitirira usiku ndi usiku, ndipo kulembako kunkatalika, chete uja n'kumatalikanso. A Siu-khim anasiya kugona. Phala la mpunga linkazizira m'mbale osalikhudza, masaya analowa m'kati. M'kanjiramo anthu anayamba kunong'onezana. Ena ankati ndi mbewa zalowa m'makina. Wogulitsa zipatso anati malemu sanakhutire ndi mwambo, ana a masiku ano amachita zinthu mothamanga. Panalinso amene ankati mayiwo mutu wasokonezeka ndi chisoni, amadzuka okha n'kumadina mabatani mumdima.

M'mawa wina a Giok-lan anagogoda, atanyamula msuzi wa nsomba m'kapoto.

"Achemwali, mwaondatu. Imwaniko kamsuzi aka."

"Ikani pamenepo."

A Giok-lan anatsitsa mawu. "Ndimakumvani usiku. Mwayamba kuphunzira? Koma mumangolemba n'kufufuta, kulemba n'kufufuta. Mukafuna ndikuonetseni potumizira."

"Potumizira mumapadziwa bwino inuyo, ndikudziwa."

"Iii, ndalakwanso chiyani ine?"

"Palibe. Poto wanu ndikubwezerani mawa."

Msuziwo anauthira m'ngalande. Koma mawu aja anawabaya: ndiye kuti si m'mutu mwawo mokha, a tsidya linalo ankamvanso.

Bun-hiong atabwera kudzawaona, anachita mantha ndi mmene analili. Anthu anali atamuuza kale za phokosolo.

"Amayi, makinawa ndikuwatenga. Akukukumbutsani zambiri."

"Tenga. Ndani anakuuza kuti ndimawafuna?"

Ananyamula zonse, kompyuta, kiyibodi ndi kansalu komwe, tebulo n'kutsala lopanda kanthu. Usiku umenewo a Siu-khim anagona chagada, akumvetsera. Pabalaza panali chete. Anayamba kuwodzera. Ndiye mvula ija inayamba, osati pabalaza, koma m'chipinda momwemo, kumiyendo kwa bedi. Silinali phokoso la pulasitiki ayi. Linali lofewa, louma, la zala zodina pepala, ndipo m'chipindamo munamveka fungo la phulusa. Chete uja atafika, anamva chinthu china chimene anali asanamvepo: chala chikupapasa pa chivundikiro cha bokosi la singano, chikuyenda m'mbali mwake, chikufuna potsegulira.

Kutangocha anapita kwa a Phoa. Anawapeza akumata denga la nyumba ya pepala, ndipo anawauza zonse monong'ona, maso ali pansi. A Phoa anaika burashi yawo pambali.

"Mayi, inu mwabera munthu wakufa?"

"Ndi mwamuna wanga."

"Anali wanu. Ine ndimapereka katundu wathunthu, kuti wina asamabwerere kudzadandaula. Mukanachotsa tayala la galimoto bola, akanangoyenda pansi. Koma munthu kumupatsa pakamwa n'kumumana mawu? Katentheni lero lomwe."

"Kuti azikalemberana nayenso uja?"

A Phoa anafunsa kuti, "Mwawerenga zimene akulembazo?"

"Ayi."

"Nanga mukudziwa bwanji kuti n'za uja? Munthu akamalemba n'kufufuta usiku wonse, ndiye kuti mawu ake ndi olemera. Za anzake a m'kalasi sizivuta choncho. Amene anakhala naye moyo wonse ndi ndani, si inu?"

Mawu amenewa anayenda nawo njira yonse. A Tek-seng sanali munthu wonena zakumtima. Anamwalira mwadzidzidzi, akumanga nsapato, osatsazika. Mwina pali chimene anachedwa kunena. Atafika kunyumba anafunafuna foni imene Bun-hiong anawagulira kalekale, imene sankaigwiritsa ntchito, n'kuiika pamagetsi. Anasamba, anapesa tsitsi, anavala bulauzi yobiriwira imene a Tek-seng anaiyamikirapo kamodzi. Dzuwa litalowa anatulutsa chitini chotenthera mapepala pakhomo, anayatsa zofukiza, n'kuponya kabatani kaja pamoto. Kanapindika, kanada, kanatha.

"Ndakubwezerani, bambo. Musandikwiyire."

Anakhala pampando pabalaza, nyali zonse atazimitsa, foni ili pamiyendo, ataigwira ndi manja awiri. Kanjira kanayamba kuzizira. Mazenera a tsidya linalo anazima limodzilimodzi, la a Giok-lan pomalizira. Kanyali kofiira kokha ndi kamene kanatsala, kakuwalitsa tebulo lopanda kanthu lija.

Mvula inayamba. Usiku umenewu sinali yokayikakayika. Zala zinkathamanga ngati za munthu amene mawu ake anawaloweza kale. Lalitali linalira, zilembo, lalitali, zilembo. Lofufutira silinamveke ngakhale kamodzi. Kenaka chete uja anafika.

Kho!

A Siu-khim anaweramira pa foni ija. Galasi lake linali lakuda, likungoonetsa nkhope yawo yofiira ndi kuwala kwa kanyali. Anadikira. Anaipukuta ndi chala, anaiyandikiza kumaso.

Tsidya la kanjira, kuseri kwa zenera lotseka, kunamveka kaphokoso kakang'ono, ting! Ndipo nyali ya m'chipinda cha a Giok-lan inayaka.