Lufina ndi Kamtengo ka M'chitini

Lufina anali mtsikana wa zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala m'mudzi wina kufupi ndi Tsangano. Kumeneko n'kumapiri. Kumazizira kwambiri.

Lufina ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kumva atate ake akuseka.

Atate ake anali a Yoramu. Iwo ankagwira ntchito kutali, ku Halale. Ankasamalira maluwa kunyumba ya mzungu wina. Koma maso awo anadwala. Poyamba ankaona ngati kuli nkhungu. Kenaka anasiyiratu kuona. Ntchito inatha.

Mnzawo wina anawaperekeza kumudzi. Anakwera sitima. Anakwera lole. Kotsalako anayenda pansi. Atate sanabwere ndi katundu wambiri. Anabwera ndi bulangete, chipewa ndi chitini chimodzi. M'chitinimo munali kamtengo.

Chifikire, atate ankangokhala pakhonde. M'mawa, pakhonde. Masana, pakhonde. Madzulo, pakhonde pomwepo. Sankayankhula zambiri. Sankaseka. Chitini chija chinkakhala pambali pawo.

Amayi, a Esnath, ankalima okha munda wa mbatatesi. Ankapita atabereka Janeti, mng'ono wake wa Lufina. Janeti anali wakhanda.

Tsiku lina Lufina anakhala pansi pafupi ndi atate.

"Atate, kamtengo aka n'kachiyani?"

"Ndi maginoliya," anatero atate.

"Magi... magino..."

"Maginoliya. Ndinakadula ndekha ku mtengo waukulu. Ndakalera zaka ziwiri m'chitinimu."

"Kamabala zipatso zakudya?"

"Ayi. Kamachita maluwa. Duwa lake n'loyera. N'lalikulu ngati mbale. Limanunkhira kwambiri. Ndipo mtengo wake sukhala wopanda masamba. Chilimwe ndi wobiriwira. Dzinja ndi wobiriwira."

"Ndiye tikabzale, atate."

Atate anapukusa mutu.

"Ndingabzale bwanji? Ine sindikuona."

"Ine ndikuona," anatero Lufina. "Inu muzinena. Ine ndizichita."

Atate anasisita chitinicho ndi dzanja. Kenaka anati, "Katenge khasu."

Mvula inali itayamba kumene. Dothi linali lofewa.

Atate ananena ali pakhonde pomwepo.

"Usabzale pafupi ndi nyumba. Kamtengo aka kadzakula. Peza malo owala dzuwa la m'mawa. Pasakhale poomba mphepo yambiri."

Lufina anapeza malo abwino kuseri kwa nkhokwe. Anayamba kukumba. Anakumba, anakumba. Khasu linali lolemera. Amayi anabwera kudzamuthandiza. Dzenje linafika m'mawondo.

"Thiramo masamba owola," anatero atate. "Thiramonso manyowa akale a m'khola. Usathire atsopano. Atsopano amawotcha mizu."

Lufina anathira masamba owola. Anathira manyowa akale. Anasakaniza ndi dothi.

"Tsopano musakazule. Dulani chitinicho. Mizu isagwedezeke."

Amayi anadula chitini ndi mpeni wakale. Lufina ananyamula kamtengo ndi manja awiri. Anakaika m'dzenje pang'onopang'ono. Anakwirira. Anathirira.

M'mawa uliwonse Lufina ankathamangira kuseri kwa nkhokwe. Akabwerako, atate ankamufunsa.

"Lufina, waona chiyani?"

"Ndaona masamba asanu ndi limodzi. Onse ndi obiriwira."

"Chabwino," ankatero atate.

Lufina ankakakonda kamtengoko. Ankakathirira m'mawa. Ankakathirira masana. Ankakathirira madzulo. Ngakhale mvula igwe, iye ankathirirabe.

Patapita masabata atatu, Lufina anaona zachilendo. Tsamba limodzi linasanduka lachikasu.

"Lufina, waona chiyani?"

"Masamba ali bwino, atate."

M'mawa mwake tsamba lija linathothoka. Lina linasandukanso lachikasu. Lufina anatola tsamba lakugwalo. Analibisa m'nsalu yake.

"Lufina, waona chiyani?"

"Masamba ali bwino, atate."

Tsiku lachitatu masamba anatsala atatu okha. Lufina anabwerera akuyenda pang'onopang'ono.

"Lufina, waona chiyani?"

"Masamba ali... ali bwino."

Atate anatembenukira kumene kunali mawu ake.

"Mwina masamba ali bwino," anatero. "Koma mawu akowo sali bwino. Bwera kuno, mwanawe."

Lufina anayamba kulira. Anamasula nsalu. Anaika masamba aja m'manja mwa atate.

"Akuthothoka. Ndimaopa kukuuzani. Ndimaopa kuti mudandaula."

Atate anawakhudza masambawo. Anawanunkhiza. Kenaka anaimirira.

"Ndigwire dzanja," anatero. "Ndiperekeze."

Lufina anawagwira dzanja. Anatsika pakhonde. Anadutsa pabwalo. Anazungulira nkhokwe.

"Apa pali mwala, atate. Apa pali kachitsa. Tafika."

Atate anagwada. Anapisa chala m'dothi. Chala chinatuluka ndi matope.

"Umathirira kangati?"

"Katatu. M'mawa, masana ndi madzulo."

"Nanga mvula ikagwa?"

"Ndimathirirabe. Ndimaopa kuti kamva ludzu."

"Mizu imafuna madzi," anatero atate. "Koma imafunanso kupuma. Apa mizu ikumira."

"Ndiye kuti ndakapha?"

Atate anagwira tsinde la kamtengo. Anakanda khungwa pang'ono ndi chikhadabo.

"Tayang'ana pamene ndakandapa. Pakuoneka bwanji?"

Lufina anapukuta misozi. Anayang'anitsitsa.

"Mkati ndi mobiriwira."

"Ndiye kuti kali moyo."

Lufina anapumira m'mwamba.

Awiriwo anakumba kangalande kochotsa madzi. Lufina anakumba ndi khasu. Atate anakokolola matope ndi manja. Madzi anayamba kuyenda. Anatsetsereka mpaka kunthochi.

"Usanathirire, uziyamba wapisa chala," anatero atate. "Dothi likakhala lonyowa, usathirire. Likakhala louma, thirira."

"Ndamva, atate."

"China ndi ichi. Ukaona zoipa, uzindiuza. Sindingakukalipire. Ine ndimadalira maso ako."

"Sindidzabisanso," anatero Lufina.

Kuyambira tsikulo, atate ankapita nawo kuseri kwa nkhokwe. Lufina ankapisa chala. Atate ankapisanso chala.

"Lonyowa," ankatero Lufina.

"Lonyowa," ankavomera atate.

Ndiye ankabwerera osathirira.

Panapita sabata. Panapita masabata awiri. Tsiku lina Lufina anafuula.

"Atate, katsamba katsopano!"

Katsambako kanakula. Atate anakakhudza ndi nsonga za zala.

"Gwira pamwambapa," anatero. "Ukumva bwanji?"

"Ndi posalala."

"Nanga kunsiku?"

"Kuli ubweya. Kukukhala ngati khutu la mwana wa ng'ombe."

Atate anamwetulira pang'ono. Sanaseke. Koma anamwetulira.

Mvula inatha. Anthu anakolola. Kenaka inafika nyengo yozizira. M'mawa udzu unkayera ndi chisanu. Zala za Lufina zinkauma gwa.

"Kamtengo kakang'ono kamaopa chisanu," anatero atate. "Tikamangire kanyumba."

Amayi anamweta udzu. Lufina anatuta nsungwi. Atate analuka. Manja awo anali asanaiwale. Analuka kampanda kozungulira. Pamwamba anaika kadenga ka udzu. Dzuwa likakwera, Lufina ankachotsa kadengako. Dzuwa likapendeka, ankakabwezera.

Nthawi imeneyo anthu anamasula mbuzi zawo. Mbuzi zinkangoyenda paliponse. Mbuzi ina yakuda inapisa mutu pakampanda. Inadya tsamba limodzi ndi theka. Lufina anaithamangitsa. Kenaka anathamangira kwa atate.

"Atate, ndaona zoipa. Mbuzi yadya tsamba limodzi ndi theka."

"Wachita bwino kundiuza. Katole minga."

Anaika minga kuzungulira kampanda. Mbuzi yakuda inabweranso. Inanunkhiza minga. Inabwerera.

Tsiku lina amayi anamutuma Lufina kuchigayo cha kutali. Anachoka m'mamawa. Anabwerera dzuwa litapendeka. Anapeza atate ali pakhonde, atawerama.

"Lero sindinapite kukamtengo," anatero atate. "Panalibe wondigwira dzanja."

Lufina anaganiza. Anaganiza akudya. Anaganiza akutsuka mbale. M'mawa mwake anapempha luzi kwa amayi. Anapota chingwe pantchafu. Anapota masiku anayi. Chingwe chinatalika.

Anamanga nsonga imodzi pamzati wa khonde. Nsonga ina anamanga pakampanda.

"Atate, gwirani apa. Tsatani chingwechi."

Atate anagwira chingwe. Anaponda kamodzi. Anaponda kawiri. Lufina sanawagwire. Ankangoyenda pambuyo pawo. Atate anadutsa pabwalo. Anazungulira nkhokwe. Anafika okha.

"Ndafika ndekha," anatero chapansipansi.

Kutayamba kutentha, dothi linauma. Lufina anapisa chala.

"Louma."

"Louma," anavomera atate.

Lufina ankatunga madzi kumtsinje ndi kamtsuko kake. Atate ankathirira. Anayala udzu wouma patsinde kuti chinyezi chisathawe. Mitengo ina yonse inayoyola masamba. Mapichesi anatsala nthambi zokhazokha. Koma kamtengo kaja kanali kobiriwira.

Atate sanathere pomwepo. Anabzala anyezi pafupi ndi chingwe. Anabzala kabichi. Anabzala mpiru. Ankazula udzu ndi manja. Zala zawo zinkadziwa udzu. Zinkadziwanso mbewu.

Mvula inabwera, inapita. Chisanu chinabwera, chinapita. Janeti anayamba kuyenda. Anayamba kuyankhula. Lufina anayamba sukulu. Kamtengo kanasanduka mtengo. Unatalika kumuposa Lufina. Unafika m'mapewa mwa atate.

Tsiku lina, mvula ili pafupi kuyambanso, Lufina anaona chinthu kunsonga ya nthambi.

"Atate, pali chinthu chonga dzira. Chili ndi ubweya."

Atate anachikhudza mosamala.

"Duwa lili m'menemo," anatero. "Usachifinye. Tidikire."

Anadikira tsiku limodzi. Anadikira masiku asanu. Anadikira masiku khumi. Kudikirako kunamutopetsa Lufina.

"Kodi lidzatuluka, atate?"

"Lidzatuluka. Silifuna kufulumizidwa."

M'mawa wina Lufina ankasesa pabwalo. Atate anatuluka m'nyumba. Anaima pakhomo. Anakweza mutu. Anakoka mpweya.

"Lufina, siya tsachelo. Lamasula."

"Mwadziwa bwanji? Ine sindinapiteko."

"Ndalimva fungo. Itana amayi ako."

Atate anagwira chingwe. Anayenda mofulumira. Lufina anawatsatira. Amayi anawatsatira. Janeti anabwera pambuyo akuthamanga.

Duwa linalipodi. Linali loyera mbee. Linali lalikulu kuposa manja awiri a Lufina. Fungo lake linali ngati la mandimu osakaniza ndi uchi.

Atate analifumbatira ndi manja onse awiri. Anawerama. Anaika nkhope yawo m'duwamo. Anakhala choncho nthawi yaitali. Amayi anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

Atate anaweramuka. Janeti anawaloza.

"Atate mphuno. Atate mphuno."

Lufina anayang'ana. Anatseka pakamwa ndi dzanja. Koma kuseka kunatuluka.

"N'chiyani kodi?" anafunsa atate.

"Mphuno yanu yadzola ufa wa m'duwa. Yonse ndi yachikasu."

"Yonse?"

"Yonse, atate. Ngati mwanapiye."

Mapewa a atate anayamba kugwedezeka. Kenaka anaseka. Anaseka mokweza. Anaseka mpaka anakhala pansi. Nkhuku zinathawa. Lufina anangoima n'kumamvetsera. Kenaka anawakumbatira m'khosi.

Amayi anabwera ndi nsalu kuti awapukute.

"Ayi, mayi a Lufina, musapukute," anatero atate. "Kodi lero si tsiku la msika?"

"Ndi la msika."

"Ndipatseni chipewa changa. Ndipita nanu."

Atate anali asanapiteko ku Tsangano chibwerere. Tsikulo anapita. Lufina anawagwira dzanja. Amayi anasenza dengu la kabichi. Janeti anakwera pamapewa pa atate.

Pasitolo anakumana ndi a Salimu, eni sitoloyo. A Salimu anali mnzawo wa atate kuyambira ubwana.

"A Yoramu, ndinu kodi? Takuonani. Nanga mphunoyo yatani?"

"Mubwere kwathu mudzaone," anatero atate. "Mwana wangayu walera mtengo. Lero wachita duwa."

Aliyense wowafunsa ankamuyankha chimodzimodzi.

Masana anthu anabwera. Anabwera a Salimu ndi akazi awo, a Zubeda. Anabwera aphunzitsi. Anabwera ana a m'mudzi. Lufina anaima pafupi ndi mtengo.

"Mmodzimmodzi," ankatero. "Osaligwira. Kungonunkhiza basi."

Aliyense anawerama. Aliyense ananunkhiza. Aliyense anapita kwawo ndi mphuno yachikasu.

Anthu atapita, amayi anayala mphasa pafupi ndi mtengo. Anabweretsa mbatatesi zowotcha. Atate anasenda imodzi. Anainyema pakati. Theka anapatsa Janeti. Theka anapatsa Lufina.

"Amayi, inu nokha simunanunkhize," anatero Lufina.

"Ndinali ndi alendo," anatero amayi.

"Alendo apita," anatero atate. "Pitani, mayi a Lufina. Ife tikudikirani."

Amayi anaimirira. Anawerama paduwa. Ataweramuka, Janeti anaomba m'manja.

"Amayi mphuno."

Ndipo onse anayi anaseka.