Chitsulo Choimbira Belu ya Nkhonya

Lachiwiri pa 14 Malichi 1978, nthawi ili 7:20 m'mawa, Sajeni Ignasio Namate adalowa m'chishedi cha malata ku Ndirande momwe anthu ankaphunzirira nkhonya. Mphunzitsi wawo, a Gregorio, adali chafufumimba atafa pansi pa thumba la mchenga, bala limodzi lili kunkhongo. Kalabu yonse inkabwerekana magolovesi awiri okha, osokasoka. Limu ya tayala la galimoto yomwe inkakhala ngati belu idali lendelende pakhoma, koma chitsulo choimbira padalibe.

Ankhonya onse adaloza Everson, katswiri wa kalabuyo, amene adamveka akukangana ndi malemuwo dzulo lake masana.

Pofika 10 koloko Everson adali m'chipinda chofunsira mafunso.

"Mumalimbirana chiyani?" adafunsa Namate.

"Ndimafuna kusiya, bwana. Iwo amati Loweruka ndikamenye basi, poti dziko lino ankhonya ngowerengeka, ine ndikasiya masewera atha."

Namate adamuponyera bokosi la machesi. Everson adawakha mphepo, bokosi n'kugwera kumapazi.

"Maso adayamba liti?"

"Chimenyereni mu Disembala ndimaona zinthu ziwiriziwiri. Ku nkhonya kwathu kulibe dokotala, amangokuthira madzi."

Namate adaona kuti munthu wotere sakadalasa kamodzi n'kupha. Akuluakulu ake ankafuna atseke mlandu, iye adakana. Masiku awiri adafwanthula udzu ndi ngalande zonse kuzungulira shediyo. Lachinayi nthawi ya 3:15 adachipeza chitsulocho m'mpanda wa nkhadze. Kumutu kudali magazi, kogwirira kudaumira ufa wokanda wa mandasi.

Petronela, mkazi wa Everson, ankakazinga mandasi pafupi ndi msika. Namate adaika chitsulocho pabenchi pake.

"Mayi, ufa uwu ndi wanu?"

Petronela adaphula chiwaya, napukuta manja pachitenje.

"Ndi wanga. Ndidasiya beseni pano n'kupita kukagwadira a Gregorio. Ndidati, 'Bambo, amuna anga sakutha kuzindikira nkhope ya mwana wawo.' Adaseka, amvekere, 'Wankhonya amafera mu ring'i,' n'kundipatsa nkhongo. Chitsulo chidali pompo."

"Mukudziwa komwe mukupita?"

"Ndikudziwa, bwana. Koma Loweruka amenya?"

"Sadzamenyanso. Mawa ndimutengera ndekha kuchipatala."

Petronela adathira madzi pambaula, natambasula manja onse awiri kuti amangidwe.