Nsichi za Che Sufiyani

Zinayamba kudziwa ndi mbuzi. Lolemba m'mawa amayi osesa pa dooko la kumunsi kwa msika wa Liwonde anapeza mbuzi zitatu zikudya mbande ya mbawa mosatekeseka, ngati zachita kuitanidwa. Kampanda kotchinga mbandeyo kunalibe. Nsichi zake zitatu zopaka laimu zinali zitazulidwa, pangotsala maenje. Amayiwo anayamba kutukwana akuba nkhuni, mpaka mmodzi anacheukira kumadzi n'kugwetsa tsache. Nsichi zija zinali chilili mu Shire, mapazi khumi kuchokera kumtunda, zili mbee ngati anthu odikira ubatizo.

Anakaitana Elliam Makawa, wapampando wa komiti yokonza m'mbali mwa mtsinje. Elliam anafika n'kuyang'ana. Ena onse ankaona nsichi zitatu pamalo osadziwika bwino. Iye yekha ankadziwa kuti zabwerera pomwe zinachokera.

Elliam anali wopenta nyumba, munthu wa diso losakhululuka. Akaona khoma lokhota ankadwala nalo mutu, ngakhale khomalo likhale la eni ake. Ndiye pamene anthu a m'derali anatopa ndi fungo la pa dooko n'kuganiza zolikonza, anasankha iyeyo, ndipo sanalakwitse. M'miyezi inayi majumbo ndi matewera zinatha, okumba mchenga anasamutsidwa, udzu wa vetiva unabzalidwa m'malo ogumuka, mabenchi anaikidwa pansi pa mtondo. Bungwe lina linawapatsa mbande ndi mawilibala, n'kulonjeza kuti litumiza alendo kudzaona.

Chinatsala n'chimodzi, mpanda wa Che Sufiyani. Malemu Che Sufiyani anali msodzi, ndipo kalekale anakhoma nsichi za tsanya makumi awiri ndi ziwiri m'madzi, mozungulira pomwe amayi amachapira, kuti ng'ona isafikepo. Nsichizo zinali zitada, zitapendama, ndipo chinyalala chilichonse chotsika ndi madzi chinkakodwa pamenepo. Kwa zaka zambiri palibe anaonapo ng'ona pa dookolo, choncho anthu anaiwala kuti saiona chifukwa chani.

Kutatsala masiku awiri kuti alendo afike, Elliam anadikira anzake onse apite, analowa m'madzi ndi chitsulo, nayamba kugwedeza nsichi imodziimodzi. Ali pa yomaliza, anamva mawu kumbuyo kwake.

"A Makawa, mpanda wa bambo angawo walakwanji?"

Anali Zaina, mwana wa Che Sufiyani, yemwe ambiri ankamutchula kuti Abiti Sufiyani. Anali atasenza ndowa.

"Iyayi mayi, ndi za masiku awiri basi. Alendo akangojambula zithunzi zawo, ndibwezeretsa. Ndiikanso mowongoka bwino."

"Mwini madziwa sawerenga masiku," anatero Zaina. Anatunga madzi msangamsanga n'kumapita.

M'mawa mwake Elliam anauza anthu kuti namasupuni watsika wambiri usiku n'kukokolola mpanda wonse. Nsichi khumi ndi zisanu ndi zitatu anazipaka laimu kunyumba kwake, n'kutchingira mbande zisanu ndi imodzi, akuti anapatsidwa ndi mnzake wa ku Nsanama. Zinayi zowongoka kwambiri anachirikizira khonde lake lomwe linkagwa. Alendo anabwera, anajambula, anaomba m'manja, anapita. Elliam anati abwezeretsa mawa. Mawa lake kunapezeka ntchito yopenta ku Balaka. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Tsiku lachisanu ndi chitatu, masanasana, Zaina akutsukuluza zovala madzi ali m'mawondo, mtsinje unangotseguka n'kutsekanso. Anthu anapeza beseni ndi mpango wake basi.

Tsopano panali patatha mwezi, ndipo nsichi zinayamba kubwerera.

Usiku wa Lolemba lomwelo Elliam sanagone. Nyumba yake inali yachitatu kuchokera pa dooko, ndipo mawu onse a mtsinje ankawadziwa: achule, mvuu zikamabuula kutali cha ku baraji yotchinga madzi a Shire, sitima ya malasha ikamadutsa pa mlatho pakati pa usiku. Sitima itadutsa, phokoso lake litazimirira cha ku Nkaya, achule anangoti zii nthawi imodzi ngati wina wawatseka pakamwa. Kenako anamva. *Gu.* Panapita kanthawi kotalika ngati ka munthu wokweza chinthu cholemera ndi manja ofooka. *Gu.* Sikunali kumenya kwa mwamuna wozolowera nyundo. Kunali kumenya kwa munthu wosathamanga, wodziwa kuti nthawi ndi yake yonse.

"Mayi a Tamandani," ananong'ona, "mukumva?"

"Ndikumva inuyo mukundisokosa," anayankha Anastasia, mkazi wake, natembenukira kukhoma.

Kutacha, mbande yachiwiri inali pambalambanda, ndipo m'madzi munali nsichi zisanu ndi imodzi.

Mphekesera zinayenda kuposa madzi. Pa chigayo ankati ndi Che Sufiyani adzuka kudzafunsa za mwana wawo. Ogulitsa chambo pamsewu ankati ndi Zaina mwini wake, sangagone poti sanaikidwe m'manda. Koma Dave, mlembi wa komiti, analibe nazo nthawi zimenezo.

"Mizimu sinyamula mitengo," anatero pa msonkhano. "Ndi Che Yunusu awa, amuna ake a malemu Zaina. Chisoni chawasokoneza mutu. Usiku uliwonse anthu amawaona akulowera ku dooko. Mbande zathu zikutha ndi mbuzi. Tingodikira sadaka ya malemuyo, mwambo wa tsiku la makumi anayi, ichitike Lamlungu, kenako tikawasiye kupolisi. Si choncho, apampando?"

Elliam anagwedeza mutu kuvomera. Anachita manyazi mpaka m'mafupa, koma anavomera.

Lachitatu usiku Dave ndi amuna awiri analondera pa benchi ndi matochi. Anaonadi Che Yunusu atakhala pa mwala, manja ali pa mawondo, osasuntha mpaka mbandakucha. Sanamve kanthu, sanaone munthu wina aliyense. Koma kutayera, nsichi zinali khumi ndi ziwiri. Dave anapita kwawo, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Choopsa kwa Elliam chinali china. Madzi anayamba kutsuka laimu. Pansi pa kuyera kuja panatuluka mtengo wakuda, ndipo pamutu pa nsichi iliyonse panaoneka mabala awiri a nkhwangwa, chizindikiro chomwe Che Sufiyani ankaika pa chilichonse chawo, ngakhale pa nkhafi. Amayi achikulire anayang'ana mabalawo, anayang'anana, ndipo Elliam akamadutsa ankangoti, "Mwaswera bwanji, apampando?" mwaulemu woposa kale. Ulemu umenewo unkamuwawa kuposa kutukwanidwa.

Pofika Lachisanu m'mawa, mbande ziwiri zotsala zinavulidwa usiku umodzi, ndipo nsichi zonse khumi ndi zisanu ndi zitatu zinali m'madzi, iliyonse m'malo mwake, zopendama monga kale. Mpanda unayambira kumtunda mbali zonse ziwiri n'kupita kukakumana pakati, pomwe madzi ndi akuya. Koma pakatipo sunakumane. Panatsala mpata, ndipo Elliam sanafunike kuyeza kuti adziwe kuti ndi wa nsichi zingati. Amayi, omwe chichitikire ngozi ankakachapa ku mjigo, anayamba kubwerera pa dooko. Kuchokera kumtunda mpatawo sunkaoneka bwino.

Usiku umenewo kumtsinje kunali zii. Sitima inadutsa, achule analeka, koma nyundo sinalire. Elliam anayamba kupuma bwino, tulo tinayamba kumuba. Ndiye malata a pa khonde analira. Analira pang'onopang'ono, *kwii, kwii*, monga amachitira munthu akagwira nsichi ndi manja awiri n'kumaigwedeza uku ndi uku kuti ilekane ndi dothi. Iye ankakudziwa kugwedeza kumeneko. Fungo la matope a mtsinje linalowa pansi pa chitseko. Ndipo panali kadontho, *tho, tho, tho*, ngati ka chitenje chonyowa chomwe sichinafinyidwe.

Anagona chagada mpaka kunja kunayera. M'mawa anapeza nsichi zinayi zili m'malo mwake, koma zonyowa kuyambira pansi mpaka pofika chifuwa cha munthu. Patsinde pa imodzi panali tsamba la namasupuni, laliwisi.

Anastasia anasesa tsambalo. Analankhula Loweruka usiku, nyali itazimitsidwa.

"Bambo a Tamandani, mnzanu wa ku Nsanama uja dzina lake ndani?"

Elliam anatembenukira kukhoma.

"Zaka makumi awiri ndili nanu, sindinamvepo kuti muli ndi mnzanu ku Nsanama." Anapumira. "Ine sindimva zomwe mumamvazo. Koma mawa ndi sadaka. Amayi onse a dera lino alawirira pa dooko kukatsuka miphika, Asilamu ndi ife tomwe. Tamandani wathu apita nawo. Akuti mpanda wabwerera, palibenso choopa."

Elliam anadzuka. Anatenga chitsulo chomwe chija, natuluka mu mdima wa ndiweyani. Nsichi zinazuka mosavuta, ngati wina anali atamuyambira kale ntchito. Atachotsa yachinayi, khonde linawerama n'kugwa ndi phokoso lomwe linadzutsa agalu mpaka kumsika. Sanacheuke. Anamanga nsichizo pa wilibala ya komiti, anaikapo nyundo yamtengo, nalunjika kumtsinje.

Pa mwala paja panali munthu.

"Che Yunusu?"

"Ndine, a Makawa." Mawuwo anali otsika, opanda mkwiyo. "Lero mwabwera ndi wilibala. Masiku onsewa mumabwera bwanji osaoneka?"

Elliam anaima. "Ine? Ine ndimayesa ndinu."

"Ine sindinakhudzepo madzi amenewa chichokere iye. Ndimangobwera kudzakhala. Ndimamva nyundo ikulira, ndimati ndi a Makawa akubweza mwamanyazi, ndisawayang'ane."

Madzi ankanyambita nsichi mumdima.

"Ndiye kuti mumadziwa," anatero Elliam. "Sanali namasupuni, Che Yunusu. Ndinazula ndine, ndi manja angawa, chifukwa cha zithunzi. Ndinapha akazi anu. Ndipo pamene amanena zokakusiyani kupolisi, ndinavomera. Mawa pa sadaka ndikanena pamaso pa anthu onse."

"Ndinadziwa tsiku lomwelo. Zaina anandiuza akutula ndowa." Che Yunusu anayang'ana kumadzi. "Ine ndinati usapitenso kumeneko, uzikachapa ku mjigo. Iye anaseka. Anati, 'A Makawa ndi munthu wa mawu ake. Anena kuti abweza, abweza.' M'mawa uliwonse ankati mwina lero."

Elliam akanakonda kumenyedwa ndi nkhafi. Analira ngati mwana, chilili, atagwira zogwirira za wilibala. Che Yunusu anamusiya alire, kenako anaimirira.

"Madzi akatayika saoleka. Koma kukucha, ndipo ana a anthu akubwera. Tengani imodzi muyambe. Ine ndimasule zinazi, ndizikupatsirani."

Elliam anavula malaya, anasenza nsichi, anatenga nyundo, nalowa. Madzi anali ozizira. Anafika m'mawondo, pomwe Zaina anaima tsiku lija. Anapitirira. Anafika m'chiuno, kenako pachifuwa. Ankayenda chogwira mpanda ndi chigongono, nsichi ndi nsichi, mpaka chigongono chinagwira mphepo. Anali pa mpata. Kutsogolo kwake kunali Shire yense, wakuda, wopanda malire, ndi zonse zokhala m'menemo.

Anafufuza ndi phazi m'matope napeza dzenje, lotseguka bwino ngati lakumbidwa dzulo. Pambali pake panali lina, ndi lina, ndi lina. Analowetsa nsichi m'dzenje loyamba. Koma madzi pamenepo anali ndi mphamvu. Akati akweze nyundo ndi manja awiri, nsichi inkapendama kufuna kupita. Akaigwira ndi dzanja limodzi, nyundo inkamulemera. Anayesa katatu, mpweya ukumuthera.

Kachinayi nsichi inaima yokha, nji. Wina anali ataigwira cha m'munsi, molimba, monga amagwirira munthu wodziwa ntchito.

"Zikomo, Che Yunusu," ananong'ona. "Gwirani choncho."

"Mwati chiyani, a Makawa?" Mawuwo anachokera kutali kumbuyo kwake, kumtunda, komwe chingwe chinkalira pa wilibala. "Ndidakali kuno. Mfundo yanuyi yandivuta."

Achule anali chete. Pafupi ndi iye, pamwamba pa madzi, panali kafungo ka sopo wochapira. Kuseri kwa msika azana wa ku mzikiti anayamba kuitana anthu ku swala, pemphero la m'mbandakucha, ndipo chapatali ndithu ankamva kale miphika ikugundana pamitu pa amayi.

Elliam sanathawe. Anapukuta misozi ndi phewa, anakweza nyundo ndi manja onse awiri.

"Ndabwera, mayi," anatero. "Ndachedwa."

Anamenya pang'onopang'ono, mosamala, kuopa kupweteka zala.