Nyimbo Yobwereka ya Mayankho

Mvula ya ku Leicester siigwa ngati mvula yeniyeni. Imangowaza, kuwaza, mpaka munthu wanyowa osadziwa kuti wanyowa liti. M'mawa umenewo Atuweni anali pa siteji ya basi ku Beaumont Leys, akupita kuntchito kunyumba yosamalira okalamba, pamene anaona zomuseketsa. Mnyamata wina anali atavula jekete n'kufunditsa gitala, mwiniwake akunjenjemera ndi shati yokha.

"Koma anthu ena misala," anatero Atuweni chapansipansi, poganiza kuti palibe womva Chichewa.

Mnyamata uja anatembenuka, mano onse pamtunda.

"Si misala, achemwali. Ine ndikadwala chimfine ndichira. Uyu akanyowa, basi, ndi maliro."

Manyazi ake! Atuweni anafuna kulowa pansi. Mwamwayi basi yake inatulukira, koma asanakwere mnyamatayo anali atanena kale zonse: dzina lake ndi Mayankho, kwawo ndi ku Zomba, amayendetsa galimoto yonyamula katundu m'nyumba zosungiramo zinthu ku Corby, ndipo Loweruka amaimba m'maukwati a Amalawi.

"Nanga inu, dzina lokha?"

"Atuweni. Wa ku Balaka."

"Nambala nayo ili ndi dzina?"

Abale, munthu wotere ungamukanize bwanji? Nambala inaperekedwa.

Mameseji anayamba tsiku lomwelo, ndipo posakhalitsa "inu" uja anasanduka "iwe".

"Wadzuka bwanji, Atu wanga, shuga wa mu tiyi wanga?"

"Shuga amawononga mano. Gwira ntchito, ungagunde anthu."

"Ndagunda kale khoma. Ndimaganiza za iwe."

Atuweni ankaseka yekha m'basi mpaka azungu kumucheukira. Ankamukonda, zimenezo sakanabisa. Koma anali ndi bala. Ali ku yunivesite ku Nottingham, chibwenzi chake, Lackson, chinamulembera ndakatulo yokoma kwambiri. Tsiku lina kuphwando mtsikana wina anawerenga monyadira ndakatulo imene wokondedwa wake anamulembera. Inali yomweyo, liwu ndi liwu. Lackson anangosintha dzina.

Ndiye Atuweni anamuuziratu Mayankho.

"Ine zokoma sindikuzifuna. Uzindiuza zoona, ngakhale zikhale zonyansa."

Mayankho anaika dzanja pachifuwa. "Tsiku limene ndidzakunamize, udzandisiye pomwepo. Ndalonjeza."

Lamulungu lina masana anakhala pa benchi ku Abbey Park. Mayankho anatulutsa gitala uja, n'kukonza kukhosi.

"Basi ipite, ine nditsala,
pamene pali Atu ndafika..."

Nyimboyo inkayamba mofatsa, kenako n'kudzuka, n'kumayenda ngati mapazi a anthu oguba limodzi. Atuweni anamva tsitsi likuimirira. Anali asanamvepo nyimbo yotero, kutchalitchi kapena pa wailesi.

"Waitenga kuti?" anafunsa.

"Mumtima muno. Ndakupekera iwe wekha. Palibe khutu linaimvapo chilengedwere dziko."

Koma anyamata inu, pakamwa panupo! Anakufunsani ndani za chilengedwere dziko? Atuweni anatsamira paphewa pake, misozi ili lengelenge, ndipo anakhulupirira.

Kuntchito kwake kunali agogo ena, Mayi Dalia, obadwira ku Israeli. Matenda oiwala anali atawatseka pakamwa, moti chilowere nyengo yozizira sanatulutse liwu. Mwana wawo Jeremy, bambo wa imvi kale, ankabwera masana n'kukhala pambali pawo, kuwagwira dzanja, kenako n'kumapita.

Tsiku lina Atuweni ankawapesa tsitsi, Jeremy ali pomwepo. Mtima uli mbee ndi chikondi, anayamba kung'ung'udza nyimbo yake ija. Anaona zala za Mayi Dalia zikugunda pampando. Kenako milomo inanjenjemera, ndipo agogowo anayamba kuimba! Nyimbo yomweyo, yonse, mpaka kumapeto, koma m'chinenero chimene Atuweni sankachidziwa.

Jeremy anagwada pansi akulira ngati mwana.

"Mwaidziwira kuti nyimbo imeneyi?" anafunsa. "Ndi ya Chiheberi. Anapeka ndi malemu bambo anga!"

Anatulutsa foni n'kumuonetsa chithunzi chakale. Mtsikana wa yunifolomu ya usilikali anali akuseka, pambali pake mnyamata atanyamula choimbira cha akodiyoni.

"Awa ndi amayi, awa ndi bambo, m'zaka za m'ma 1960. Kwawoko achinyamata amalowa usilikali, ndipo odziwa kuimba ankawaika m'magulu oyenda m'misasa kusangalatsa anzawo. Nyimbo za magulu amenewo ndi zimene zinkadzaza wailesi. Oimba ambiri otchuka anayambira mmenemo. Makolo anga anakumanirana pa lole ya gulu lawo."

Atuweni anamwetulira, poti munthu sungalire pamaso pa mnzako amene wangomva mawu a mayi ake. Anamaliza kupesa bwinobwino. Atatero anakalowa m'chipinda chochapira zovala, n'kutseka chitseko, n'kulira mpaka mutu kuwawa. Kachiwiri? Iyeyo analakwa chiyani kuti aziti akapatsidwa mphatso, ipezeke kuti ndi ya eni ake?

Analembera Mayankho meseji.

"Nyimbo yako ija ndaimva lero kwa agogo a ku Israeli. Unaipeka usanabadwe eti? Unalonjeza wekha. Usandifunenso."

Foni inalira, inaliranso. Sanayankhe.

"Atu wanga, ndimvere kamodzi kokha."

"Mtima wanga, ndalakwa. Ndilole ndifotokoze."

Sanayankhe meseji ngakhale imodzi. Keturah, mnzake wokhala naye nyumba imodzi, anamuyang'ana akukankha chakudya pambali.

"Iwe, nyimbo yokhayo? Mwamuna samwa, sayendayenda, ukumutaya chifukwa cha nyimbo?"

"Ya Lackson inalinso ndakatulo yokha," anayankha Atuweni. "Amene wanama pa kanthu kakang'ono, ndidziwa bwanji pa zazikulu?"

Koma usiku ndi usana ankamusowa. Akafika pa siteji ija ankayang'ana kumbali, kuopa kuona jekete.

Nyimbo ija analeka kuiimba, ndipo Mayi Dalia anabwerera m'chete wawo. Jeremy anayesa kuwaimbira yekha, koma mawu ake anali ngati chitseko cha dzimbiri, moti amayi ake sanatembenuke n'komwe. Mapeto ake anamuimitsa Atuweni pakhonde.

"Chonde, aimbireninso. Kapena bweretsani amene anakuphunzitsani. Ndikungofuna kuwamvanso."

Atuweni anayesa. Atangofika pa mzere woyamba, analephera kupitiriza. Akanatani? Agogo osalakwa alangidwe chifukwa cha bodza la mwana wa ku Zomba? Anatenga foni.

"Bwera ndi gitala kuntchito kwathu Lamulungu masana. Si za ine ayi."

Mayankho anafika atawonda, ndevu zosameta. Anakumana panja, poimika magalimoto.

"Atu..."

"Atuweni."

"Atuweni. Ndisanalowe, ndinene zoona. Mawu aja ndi anga, koma nyimboyo ndi ya malemu agogo anga aamuna. Anali a Payoniya. Ali mnyamata ku kampu ya Nasawa anaphunzitsidwa ndi alangizi ochokera ku Israeli. Ankaiimba ndi mluzu akamakonza njinga, ine n'kumayesa kuti ndi yawo. Zoti ndi ya Chiheberi sindinkadziwa."

"Koma zoti si yako unkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Ndiye bwanji?"

Mayankho anayang'ana pansi. "Ndinayesa kupeka yangayanga. Zonse zinkatuluka zoipa, Atu, zoipa zenizeni. Ine ndimatha kuimba za anthu ena basi. Komanso ndani amadzitama kuti agogo ake anali a Payoniya, mmene anthu aja anazunzira anzawo? Ndinaopa kuti undiona wachabechabe."

"Ndiye unasankha bodza."

"Eya. Ndilibe podzitchinjirizira."

Atuweni anamva mtima ukufewa, koma anauumitsa dala. "Tiye, akudikira."

M'chipindamo Mayankho anapereka moni mwaulemu, n'kukhala moyang'anana ndi Mayi Dalia. Anayamba kuimba pang'onopang'ono, mwachisoni, ngati munthu wosiyidwa. Sanapite patali. Dzanja la agogo linamenya pampando, phaa!

"Fulumira, mnyamata! Asilikali sakupita kumaliro!"

Jeremy anaseka uku akulira. Mayankho anafulumiza, ndipo Mayi Dalia analowa ndi mawu awo, mutu uli chilili ngati ali pa lole ija. Iye m'Chichewa, iwo m'Chiheberi, nyimbo imodzi. Anamwino anadzaza pakhomo.

Itatha, agogowo anamuyang'anitsitsa Atuweni, amene ankapukuta misozi ndi mkono wa yunifolomu.

"Wakuuza kuti wakupekera iwe?" anafunsa, akuloza Mayankho.

Atuweni anavomera ndi mutu, kukamwa kuli yasa.

"Mwamuna wanga Uri ananenanso choncho. Wabodza! Nditapita kukaona apongozi, ndinawapeza akusenda mbatata, akuimba nyimbo yomweyi m'Chirasha. Inali ya kumudzi kwawo."

"Amayi!" anatero Jeremy. "Bambo sanapeke?"

"Anaba kwa amayi ake, n'kuikamo mawu. Dziko lonse linaimba."

"Ndiye inu munatani?" anafunsa Atuweni, atagwada pafupi nawo.

"Ndinamuuza kuti asandiyandikire mpaka atapeka yakeyake. Anapeka. Yoipa, mwana wanga! Gulu lathu linaikana, pa wailesi sinapite. Ankandiimbira ine ndekha, kukhitchini." Anamwetulira, n'kutsegula pakamwa kuti aiimbe.

Palibe chinatuluka.

Anayesanso. Zala zinafufuza pampando, osapeza poyambira.

"Inkati bwanji? Jeremy, inkati bwanji?"

"Sindinaimvepo, amayi."

"Inali yanga," ananong'ona Mayi Dalia. "Inali yanga ndekha."

Anatembenukira kuwindo, ndipo maso awo anapita kutali komwe ankakhala masiku onse. Uri anamwalira, wailesi sinasunge, mwana sanaimve. Nyimbo yobwereka ija inali itayenda mpaka ku Zomba, koma yawo yeniyeni inatha masana amenewo, anthu akuona. Atuweni anawafunditsa bulangete m'miyendo, mtima ukumupweteka kuposa tsiku la meseji lija.

Ataweruka anamupeza Mayankho pa siteji ya basi, mvula ikuwaza, jekete ili pa gitala monga mwa masiku onse. Anaima patsogolo pake.

"Zoipa zija unapeka, ilipo imene ukuikumbukira?"

"Atu, usandichititse manyazi."

"Imba."

"Pano? Pali anthu!"

"Ndati imba, Mayankho. Ukapanda kuimba, basi ikubwerayo ndikwera ndekha, ndipo sudzandionanso."

Mayankho anavundukula gitala, n'kutseka maso.

"Atu, ndili ku Corby, ndikukweza mabokosi,
bokosi lililonse likulemera ngati chikondi,
koma chikondi chilibe nambala ya pabokosi,
Atu, ndipatse nambala ya amalume ako..."

Mayo ine! Kunena zoona, nyimbo imeneyo inali yoipa. Inalibe mutu, inalibe mchira, ndipo pa "mabokosi" mawu anathyoka. Mayi wina wa chikwama cha zogula anasunthira kutali. Atuweni anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo kusekako kunasanduka kulira.

"Imeneyi palibe angakulande," anatero. "Palibe angaifune."

"Ndinakuuza kuti ndi yoipa."

"Ndi yoipa, wokondedwa wanga. Za amalumezo ukunenetsa, kapena unasowa mawu omalizira?"

Mayankho anagwada pakonkire ponyowa, gitala ali m'manja. "Ndikunenetsa. Ndikufuna ndikatumize akwathu kwa amalume ako. Ukhale mkazi wanga, Atu. Nyimbo zabwino ndilibe, koma bodza lachiwiri sudzalimva."

"Ukadzanamanso?"

"Udzandisiye."

"Sindidzakusiya. Ndidzakuimbitsa ya mabokosiyi pa ukwati uliwonse mu Leicester muno. Dzuka, thalauza likunyowa."

Basi inafika, chitseko chinatseguka, dalaivala anawayang'ana. Atuweni anamubayibitsa kuti azipita. Anatulutsa foni, n'kuyatsa pojambulira mawu, n'kuiika pafupi ndi gitala.

"Yambiranso," anatero, akuganiza za zala za Mayi Dalia. "Pang'onopang'ono, ndiiloweze. Ana athu adzaiphunzire, aifune asaifune. Tsiku lina ine ndikadzaiwala, padzakhale wondikumbutsa."