Phazi la Fyness

Goodson ankakonza mafoni pakhonde la sitolo ina ku Mzimba Boma, koma malaya anali nawo amodzi. Anzake amene ankawaposa m'kalasi ankamuthira fumbi ndi magalimoto. Dziko lino silithokoza munthu wamutu.

Mlongo wake Fyness anapuwala manja ali mwana. Ampingo atamupatsa tabuleti yodzaza mabuku, ankangoiyang'ana, poti sankatha kutembenuza tsamba. Goodson anamupangira kabatani koponda ndi phazi. Akaponda, kankalira kuti “tiki”, tsamba n'kutembenuka.

“Yewo chomene, adumbu,” anatero Fyness pothokoza mlongo wakeyo, misozi ili mbwe.

Goodson anapanga timabatani tina kuti agulitse, koma palibe anagula. Mtima utamuwawa, anapita nato kwa sing'anga wina kuseri kwa Euthini.

“Nzeruyi unaitenga kuti?” anafunsa sing'angayo.

“Kuphazi la mlongo wanga.”

“Mbwenu ukanditapire dothi pamene waponda.”

“Afa?”

“Watchula imfa ndani? Munthu wongokhala, phazi n'lachiyani? Timabatani tako tizidya mphamvu ya phazilo. Ikatha, tikatapa pena.”

“Pati?”

Sing'anga anangomuyang'ana zala.

M'mawa Fyness atadutsa pabwalo, Goodson anawerama n'kutapa dothi.

Mwezi usanathe, masukulu ndi mabungwe ankalimbirana timabatani take. Anagula galimoto, anthu n'kuyamba kumutcha bambo wa olumala. Koma Fyness chala chachikulu chakuphazi chinachita dzanzi. Kenako phazi lonse linauma, linzake n'kutsatira.

“Adumbu, kabatani kakukana,” anatero tsiku lina. “Mundipondereko, ndatsala ndi masamba atatu okha.”

“Mawa, ndili ndi alendo a ku Lilongwe.”

Fyness anamwalira mawa lakelo, buku asanamalize.

Maliro atangotha, supuni inayamba kumupulumuka Goodson. Zala zinapindika chimodzichimodzi, mapazi nawo anafota. Ogula anabweza katundu, ati sakugwira ntchito. Amene ankamudyera anabalalika, monga mwa masiku onse.

Lero Goodson amakhala pakhonde, tabuleti ya mlongo wake ili patsogolo. Batire inafa kalekale. Koma dzuwa likafika paliwombo, kabatani kamalira kuti “tiki”, popanda woponda. Kamalira kachiwiri. Kachitatu sikalira.

“Maliza, Fyness!” amakuwa Goodson. “Ndapota, maliza!”

Inu osirira magalimoto a anzanu, imvani. Chuma chazitsamba chimayamba kudya wakwanu, n'kumalizira mwini wake.